Dzino la Mfuti ya a Chiwomba

Pachigayo chachikulu cha tirigu, chija fumbi lake limayeretsa madenga a msewu wonse, panali mkulu wina amene onse ankamutcha a Chiwombankhunda. Aulesi pakamwa anadula dzinalo n'kumangoti a Chiwomba, ndipo mwini wake ankayankha bwinobwino.

Ntchito yake inali kupha nkhunda. Musaseke, ntchito ndi ntchito. M'shedi yosungiramo ufa, mbalamezi zinkalowera m'mipata ya pansi pa malata n'kukamanga zisa pamitanda ya denga, ndipo zitosi zake zinkagwera pamatumba. Azaumoyo akafika sankayamba n'kuyang'ana pansi, ankayamba n'kukweza maso. Poizoni sankaloledwa pafupi ndi chakudya cha anthu. Maukonde ankang'ambika ndi mphepo. Amphaka amene anawabweretsa ankangokhuta mbewa n'kumagona pamatumba ngati mabwana. Chinatsala ndi mfuti yampweya, yopanda wonga, imene kachipolopolo kake ka mtovu n'kochepa kuposa njere ya nyemba. Kamagwetsa nkhunda koma sikaboola lata.

A Chiwomba anabwera pachigayopo ali mnyamata, ngati kalipentala. Zitseko za maofesi, mabenchi, makwerero, zonse zinadutsa m'manja mwake. Kenako eni chigayo anayamba kugula zinthu zopangiratu, akalipentala n'kuuzidwa kuti akapume. Iye yekha anapulumuka, chifukwa anali atazolowera kutola mfuti ya kampani Lamlungu, makina atazima, n'kumagwetsa nkhunda mongocheza. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Mabwana anamusiya pantchito chifukwa cha diso lake, ndipo anamusiyiranso chipinda chake pamzere wa nyumba za antchito kuseri kwa shedi.

Chipindacho ndicho chinali chuma chake chonse. Munali bedi, tebulo limene anakhoma yekha, katani yotchingira kogona, ndi bokosi la zida pansi pa zenera. Lamulo la pachigayo linali lachidule: nyumba ndi ya munthu wolembedwa ntchito, ntchito ikatha kiyi amabwerera kuofesi. Mkazi wake sanali wolembedwa. Ankagwira ganyu yosoka matumba ong'ambika, atakhala pakhonde la shedi ndi singano yaikulu, ndipo chala chake chamanthu chinali chitalimba khungu chifukwa chokankha singanoyo zaka ndi zaka. Mwana wawo wamwamuna anamwalira asanakwatire. Wamkazi anakwatiwa kutali, m'nyumba ya apongozi momwe ngakhale mlendo wa tsiku limodzi ankagona kukhitchini. Kumudzi kumene mkuluyo anachokako ali wamng'ono kunali kutatsala manda okha omudziwa.

Mfuti ya mtunduwu imathyoledwa pakati. Umagwira kumapeto kwa mpope wake n'kuukokera pansi mwamphamvu, mpaka sipuling'i yamkati itakanikizika n'kukodwa pa kadzino kachitsulo, khe! Ikatero bowo la mpope limaonekera, ndipo umakankhiramo kachipolopolo ndi chala chamanthu. Ukatseka, umalozetsa, n'kukoka kachitsulo kowombera kamene a Chiwomba ankakatcha kalilime. Kalilime kakakokedwa, dzino limasiya sipuling'i. Mphamvu yonse imene munthu wakanikiza ndi thupi lake imakhala itapachikika pa dzino limodzi limenelo.

M'mawa wina kapu ya tiyi inangogwa m'dzanja lake. Anafuna kutukwana kapuyo, koma pakamwa panatuluka zosamveka. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yaing'ono, athokoze. Mawu anabwerera, mwendo unabwerera ngakhale mokokakoka, koma dzanja lamanja linabwerako lili la munthu wina. Zala zinapindika, mkono sunkatambasuka wonse, ndipo akatopa kapena akachita mantha dzanjalo linkanjenjemera lokha.

Kapitawo, munthu wosaipa mtima koma woopa mabwana kuposa mmene amaopera imfa, anabwera kudzamuzonda. Anakhala pampando, maso ake ali padzanja lija.

"Nanga ntchito ija muzitha, a Chiwomba?" anafunsa.

"Diso silinadwale, bwana," anayankha mkuluyo, atapana dzanjalo pakati pa mawondo.

"Ndi zabwino zimenezo. Pajatu mukudziwa mmene amachitira akuofesi. Nkhunda zikachuluka, amafunsa ine."

Kapitawo atatuluka, a Chiwomba anatulutsa bokosi la zida. Anali munthu woti mawu akamuthera amatola sowo. Mwana wawo atamwalira sanalire pagulu, koma anakonza mipando yonse ya pamzere wa nyumbazo, ngakhale imene sinali yothyoka. Tsopano anaika mfuti patebulo n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Ngati dzanja lakana kufika pamfuti, anaganiza motero, mfuti ndiyo ibwere padzanja.

Anayamba ndi thako la mfuti, thabwa lija limatsamira paphewa. Linali litatalika kwa mkono wosatambasuka, choncho analidula ndi sowo, atalipana ndi bondo, n'kukhomerapo labala wa patapata wakale kuti lisamaterereke pamalaya. Pogwirira anapapala ndi tupa wa matabwa mpaka panachepa molingana ndi zala zopindikazo, n'kupakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Khosi nalo silinkafuna kuwerama ngati kale, ndiye anadula siponji pakona ya matiresi n'kuimangirira pothira tsaya.

"Abambo, matiresiwa awaluma ndani?" anafunsa mkazi wake poyala bedi.

"Makoswe," anatero mkuluyo osatembenuka.

"Khoswe wake ali ndi mpeni wakuthwa ndithu. Mukamuona mumuuze kuti kumeneko ndi kumapazi kwanga."

Pothyola mpope mphamvu inkamuchepera. Anapeza chidutswa cha paipi ya madzi choti azivekera kumapeto kwa mpope, kuti dzanja lamanzere likakoka chinthucho chizibwera mosavuta. Pofuna kuthana ndi kunjenjemera anamanga miyendo itatu ya mitengo ya tsache, pamwamba pake mphanda yokulungidwa ndi nsanza, poti mfuti izikhalapo. Lamba wa m'galimoto yakufa anasanduka chokolekera paphewa. Mfuti ya kampani inasanduka chinthu choti mwini fakitale imene anaipanga akanaiona akanalira, koma inkamukwana mkuluyo ngati nsapato yakale.

Kachipolopolo ndi kamene kanamugonjetsa. Zala zakezo sizinkatha kukatola m'kachitini, ndipo dzanja labwino linkakhala litagwira mpope. Apa panalibe sowo kapena tupa wothandiza. Lamlungu lina mkazi wake, atamuonerera akufunafuna tizipolopolo togwa m'fumbi la ufa, anangotenga kachitiniko.

"Thyolani, ndiike," anatero.

Kuyambira pamenepo ankalowa m'shedi awiri. Kwa alonda a pageti ankati mayiyo akukatola nkhunda zakufa, ndipo zinali zoona ndithu, ankatoladi. Koma ntchito yake yeniyeni inali kukankha mtovu m'bowo ndi chala chake cholimba chija, mwamuna wake atagwira mpope.

Chinatsala ndi kalilime. Kanali kolimba, ndipo chala chamkombaphala cha a Chiwomba chinkakakoka mpaka thupi lonse kugwedezeka. Mfuti ikamalira inkakhala italoza kale kwina. Nkhunda zinkangosuntha pang'ono pamtanda n'kumuyang'ana cham'mbali. Anayesa kumangirira chogwirira cha supuni pakalilimepo kuti chala chizikoka ndi malo aakulu. Zinathandiza pang'ono, koma osati mokwanira. Zitosi zinayamba kuonekanso pamatumba, ndipo kapitawo anayamba kumupatsa moni wachidule.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, anali wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika. A Chiwomba anamasula zamkati mwa mfutiyo n'kupita nazo kumeneko zitakulungidwa m'nsanza.

"Alamu, mundipalireko dzino ili pang'ono. Lizingokodwa kumapeto kwenikweni, kuti ndikangokhudza lizisiya."

Wowotchererayo anakweza magalasi ake akuda pamphumi, n'kutembenuzatembenuza kachitsuloko. "Ayi, alamu. Ichi sindichita."

"Pang'ono pokha."

"Chitsulo ichi n'cholimba pakhungu pokha. Mkati n'chofewa. Mukachotsa khungulo chiyamba kudyeka chokha, lero pang'ono, mawa pang'ono, ndipo simudzadziwa tsiku limene chidzasiye. Bweretsani geti, bweretsani bedi, ndikuwotchererani ulere. Koma ichi ayi."

"Ndiye ndikagone kuti, alamu? Pansi pa tebulo lanuli?"

Kwa wowotchererayo kunali chipinda chimodzi cha lendi, ana ogona mopingasana mpaka pakhomo. Anangomubwezera kachitsuloko n'kutsitsa magalasi.

A Chiwomba anapala dzinolo yekha, masana, mkazi wake ali kukhonde la shedi. Analipana pachopanira cha patebulo, natenga tupa wosalala m'dzanja lamanzere. Anapala, nayesa, napalanso. Ankadziwa kuti mlamu wake sananame. Munthu amene wagwira zida moyo wake wonse amamva m'dzanja pamene tupa wadutsa polimba n'kulowa pofewa, ndipo iye anamva. Anaima pang'ono, nayang'ana katani, bedi, zenera. Kenako anapalanso kawiri.

Kunena zoona, zinayenda. Kalilime kanayamba kumvera ngati mwana wamantha. Chala chakufa chija chikangokakhudza, nkhunda inkagwa, phi! pakati pa matumba. Mayiyo ankadzaza thumba, mitanda inayera, ndipo kapitawo anayambanso kuima n'kumacheza. "Ukalamba wanu ndi wa m'miyendo mokha, a Chiwomba," ankatero. Mkuluyo anayambanso kuimba mluzu pometa ndevu. Anali wonyada, ndipo kunyada kwake kunali ndi chifukwa, poti chilichonse pamfutiyo chinali nzeru zake.

Tsiku lina akutseka mpope, mfuti inalira yokha, kachipolopolo n'kukagunda lata. Mkazi wake anadzidzimuka.

"Chachitika n'chiyani?"

"Chala changachi," ananama mkuluyo. "Chakhudza mosadziwa."

Chala chinali kutali ndi kalilime. Anadziuza kuti akamasula aone, koma sabata imeneyo kunamveka kuti kukubwera alendo odzaona chigayo, ndipo sabata yotsatira anadziuza kuti zinangochitika kamodzi.

Lamlungu limene zinachitika kunali dzuwa, kuwala kukulowera m'mabowo a malata, fumbi la ufa likuyandama. Anali pakati pa milu iwiri ya matumba yotalika kuposa munthu. A Chiwomba anathyola mpope, khe, naugwira. Mkazi wake anatola kachipolopolo, nakaika pabowo, nayamba kukankha.

"A Chiwomba! Muli mbali iti?"

Anali mawu a kapitawo, amene sankabwera Lamlungu, ndipo ankamveka kuseri kwenikweni kwa mulu wa matumbawo. Dzanja lamanja la mkuluyo linayamba kuvina. Miyezi yonseyi anali atadziphunzitsa chinthu chimodzi: kapitawo akayandikira, dzanja labwino lizigwira lodwalalo kuti lisaoneke. Sanaganize n'komwe. Dzanja lamanzere linasiya mpope n'kuthamangira kukagwira linzake. Mfuti inagwedezeka pamphanda yake, ndipo dzino linasiya.

Mpope unabwerera m'mwamba ndi mphamvu yonse ya sipuling'i. Phokoso lake linamveka shedi yonse, nkhunda n'kuuluka piringupiringu pansi pa denga.

Mayiyo sanakuwe. Anatsegula pakamwa, maso ali tong'o, kenako analuma mpango wake wa paphewa. Chala chinali chitapanidwa pakati pa zitsulo ziwiri. A Chiwomba anagwira paipi ija, nathyolanso mpope kuti chituluke, ndipo chimene chinatulukacho sanathe kuchiyang'ana kawiri. Magazi anadontha pa ufa wa pansi n'kuundana timibulu. Mayiyo anakulunga dzanjalo m'mpango, nalipana pamimba, nayang'ana mwamuna wake. Anapukusa mutu kamodzi, kumuuza kuti akhale chete, n'kuzembera kuseri kwa mulu winawo atawerama.

"Mwaigwetsa?" anafunsa kapitawo akutulukira pakona, akumwetulira.

A Chiwomba anaponda pamagazi paja ndi nsapato yake. "Ndaphonya, bwana," anatero.

"Zimachitika. Ndimangodutsa kudzakuuzani kuti azaumoyo abwera kumapeto kwa mwezi. Muyesetse." Anamusisita paphewa n'kumapita, akuliza makiyi m'thumba.

Kuchipatala mayiyo anauza anamwino kuti chitseko chokoka cha shedi chinamupana. Anauzanso chimodzimodzi alonda, akazi anzake a pamzere, ndi kapitawo amene anabwera ndi shuga n'kulamula kuti chitsekocho achipake girisi. Madokotala anachidula chalacho pamfundo yapansi. Singano yaikulu inapatsidwa kwa mayi wina, poti chala chimodzi sichiswa nsabwe, nanji kusoka thumba.

Mchimwene wake, wowotcherera uja, anafika kuwodi atavala ovolosi yake yoboka ndi moto. Anayang'ana bandeji, nayang'ana mlamu wake amene anakhala pakona atazolika.

"Chitseko, alamu?" anafunsa motsitsa mawu.

Kenako anatembenukira kwa mchemwali wake.

"Achemwali, mukatuluka muno tiyeni kwathu. Ana apanikizana, malo a munthu mmodzi apezeka."

"A munthu mmodzi," anabwereza mayiyo.

"Mukudziwa mmene kulili."

"Ndikudziwa, achimwene. Zikomo. Koma awa ndiwasiyira ndani? Sangathe n'kumanga mabatani a malaya awo omwe."

Panja pa wodi wowotchererayo anamugwira mlamu wake pamkono, ndipo sanamugwire mwachikondi. "Dzinolo ndikhoza kulidzaza ndi moto n'kuliumitsanso. Libwerera mmene linalili. Koma mudziwiretu kuti chala chanucho sichidzalikokanso. Musankhe."

"Ndamva, alamu."

"Mwamva, kapena mwangoyankha?"

Mkuluyo anabwerera kunyumba yekha. Chipinda chinali zii, mbale za m'mawa uja zili patebulo. Anakhala pabedi n'kulira, kulira kumene sanalire pamaliro a mwana wake. Ankadzida kwambiri. Akanakhala munthu wina amene wachita zimenezi kwa mkazi wake, bwenzi atamuthyola khosi ndi dzanja limodzi lomwelo. Koma misozi isanaume n'komwe, maso ake anali atapita kale pamfuti imene anaiimika pakona. Mpope unali utapindikira m'mwamba pang'ono chifukwa cha kumenyeka kuja. Anadziona akuutenga, akuupana pakati pa zitsulo za geti ya kuseri, akuuwongola pang'onopang'ono n'kumausuzumira ndi diso limodzi. Anachita manyazi, koma sanasiye mpaka unawongoka.

Kwa mlamu wake sanapiteko. Ankadzuka atatsimikiza kuti lero apita, n'kukulunga kachitsuloko m'nsanza. Akafika pageti ankamva nkhunda zikulira m'denga la shedi, zitachuluka kale poti panalibe wozisokoneza, ndipo ankabwerera.

M'malo mwake anatenga thabwa lolimba limene linatsala pokhoma tebulo, nasema kamphero koti azikalowetsa pachopindikira cha mfuti ikathyoledwa, kuti dzino likasiya mpope uzigunda thabwa m'malo mwa chala. Anakasema mosamala, nakasalaza ndi sandipepa, nakaboola n'kumangirirapo chingwe. Kenako anakayesa. Anathyola mfuti, nalowetsa kampheroko, nakhudza kalilime ndi ndodo ali chapatali. Mpope unalumpha n'kuima. Thabwa linagwira, koma atalitulutsa linali ndi mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo atalifinya linagawanika pawiri. Anasema kena kuchokera pathabwa lomwelo. Kachiwiriko sanakayese, chifukwa ankaopa yankho lake.

Mkazi wake atabwera kunyumba, anapeza mbale zotsuka, pansi posesa, ndi kamphero kaja kali patebulo pa nsalu yoyera. A Chiwomba anaima pambali, manja kumbuyo.

"Ichi ndi chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Chotchingira. Chikalowa apa, mpope sungatseke." Kenako anati, "Amayi, ine…"

"Dzinolo mwakonzetsa?"

Mkuluyo anayang'ana pansi.

Mayiyo anakhala pabedi, dzanja la bandeji lili pamiyendo. Anayang'ana chipinda chonse pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga katundu wofunika kusamutsa ndipo sakudziwa kopita naye. Sanakalipe. Mwamuna wake ankalakalaka atakalipa, atamugenda ndi kapu, atamutchula mayina onse oyenera. Iye anangofunsa kuti azaumoyo aja abwera liti, ndipo atauzidwa anagona n'kutembenukira kukhoma.

Lamlungu m'mawa a Chiwomba anakoleka mfuti paphewa mwakachetechete, natenga miyendo itatu ija. Anali ataganiza zoyesa yekha, kuika kachipolopolo ndi milomo kapena ndi kapani, kaya. Atafika pakhomo anapeza mkazi wake ataima kale panja, kachitini kali m'khwapa.

"Bwererani mukagone, amayi."

"Kuti mukataye mtovu wonse m'fumbi? Tiyeni."

"Sindingalole."

"Mwalola kale zambiri, abambo. Tiyeni dzuwa lisanakwere."

M'shedi nkhunda zinali zitadzaza mitanda, zitosi zili mbuu pamatumba apamwamba. Mkuluyo anaimika miyendo itatu, naveka paipi, nathyola mpope. Khe! Phokosolo linali lofooka kuposa kale, ndipo onse awiri analimva. Analowetsa kamphero kaja, nagwira mpope ndi dzanja lamanzere mpaka mitsempha inatuluka.

Mayiyo anapana kachitini pachifuwa ndi mkono wa bandeji, natola kachipolopolo ndi dzanja lamanzere. Kanagwa. Anawerama, nakatola, nakapukuta pachovala chake.

"Mugwire, abambo," anatero. "Ngakhale aitane ndani."

"Ndagwira."

Anakaika pabowo. A Chiwomba anayang'ana nkhope ya mkazi amene anakhala naye kuyambira unyamata wake, ndipo anaona kuti pokankha ndi chala chamanthu chimene chinamutsalira, mayiyo anatembenuzira nkhope kumbali n'kutsinzina.